Chiuno cha Mama Shamsa

Nsalu ya yunifomu anasankha ndi Zaituni, ndipo nditangoitambasula pabedi ndinadziwa kuti pali kanthu. Inali yobiriwira, ya maluwa achikasu, duwa lililonse lalikulu ngati mbale yodyera pilau. Pa thupi la Zaituni, loonda ngati bango lija, pakanakwana duwa limodzi basi. Pa thupi langa pakanamera munda wonse.

Zaituni ndi mkazi mnzanga, wamng'ono. Amuna anga, bambo a Shamsa, anamukwatira pamene mwana wangayo anali akadali ku pulayimale, ndipo chiyambire sitinatukwanepo. Timapatsana moni, pa Idi timatumizirana mbale. Koma munthu wokusekerera tsiku ndi tsiku ndi amene amafunika kumuyang'anitsitsa. Tsopano Shamsa, mwana wanga mmodzi yekhayo, anali kukwatiwa, ndipo amayi a komiti ya ukwati anapatsa Zaituni ntchito yogula nsalu yoti tonse tisoketse, akuti poti ali ndi diso. Diso analidi nalo, ndipo linali pa ine.

Ku Tanga kuno phwando la amayi ndi bwalo la milandu. Mumsewu baibui limatibisa tonse, wonenepa ndi woonda yemwe, kuda kumodzi kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Koma ukafika pakhomo la holo, poti mulibe amuna, umalivula, ndipo maso onse amakuyeza usanapereke n'komwe moni. Nanga mayi wa mkwatibwi ndiye kuli bwanji? Ndikanalowa moseketsa, akanandiimba m'makhitchini a ku Ngamiani mpaka zidzukulu zanga kumera mano, Zaituni akuimbitsa. Chimenecho n'chimene ndinkaopa, ndipo ndinkachiopa zenizeni.

Telala wanga wamasiku onse ndi a Hamadi a kuseri kwa msika. Iwo aja sayeza munthu. Amangokuyang'ana kamodzi, n'kukusokera mkanjo wotaya woti mungalowemo awiri. Ndavala mikanjo yawo zaka zonsezi ndipo palibe anandisekapo, poti palibenso anandionapo.

"Mama, ulendo uno musapite kwa a Hamadi," anatero Shamsa. "Pitani kwa Mwantumu."

"Wosokera atsikana uja?"

"Amasokeranso amayi. Chonde, mama."

Mwana woti akuchoka pakhomo sukangana naye. Ndinapita.

Mwantumu ndi kamkazi kofupika, kolankhula mapini ali kukamwa. Sanandifunse n'komwe zomwe ndikufuna. Anangokoka katani, nati ndivule baibui ndi mkanjo womwe, kenaka anandizinga tepi.

"Iii, Mama Shamsa! Chiuno chonsechi mumachibisiranji?"

"Chiuno chake chiti? Chinapita ndi mimba ya Shamsa."

"Tepi sinama, mama. Chilipo, chinangosamukira m'mwamba pang'ono, pansi pa mabere apa. Ndigwira pamenepa, kenaka nsalu izidzitsikira yokha pa mbina. Khosi ndilitsegula chotsetsereka, khosi lanu ndi labwino. Manja afike m'zigongono. Maluwawa ndiwadula kuti aziyenda chotsika, asakuzungulireni."

"Ine ndikufuna chotaya."

"Chotaya chimakuwonjezerani, mama. Munthu akaona hema amaganiza kuti mwadzaza hema yonseyo."

Analankhula bwino, ndipo n'zimene zinandikayikitsa. Telala wamba amasoka zomwe wauzidwa. Uyu anali ndi mayankho okonzeratu, ngati munthu amene wakhala akundidikira. Anadziwa bwanji za khosi langa, poti chaka chonse limakhala m'mpango? Potuluka ndinamwaza maso pa zovala zopachikidwa kukhoma. Pakona panali kadiresi ka nsalu yomweyo yobiriwira, kopapatiza ngati chikwama cha ambulera. M'komiti yonse muli munthu mmodzi yekha wokwana mmenemo.

Sindinapite kunyumba. Ndinakhala tsidya la msewu kwa mayi wogulitsa mandasi, n'kumanamizira kumwa tiyi. Tiyi asanazizire, bajaji, njinga yamoto ya matayala atatu ija, inaima pakhomo la Mwantumu, ndipo anatsikamo ndi Zaituni. Ngakhale ali mu baibui ndimamudziwa, amayenda ngati akuopa kuswa mazira. Awiriwo anaima pakhomo, kuombana m'manja, kuseka. Kenaka Mwantumu anatambasula manja ake chonchi, ngati akuonetsa kukula kwa chinthu. Mwina ankanena za nsalu, mwina za nsomba imene anaiona kumsika. Koma ine ndinadziwa chimene chinali chachikulu chotero m'shopu muja tsiku limenelo.

Masiku otsatirawo ndinkangoziwerengera njira zomwe angandichitire. Akhoza kusoka ndi ulusi wofooka kuti ndikamavina diresi ling'ambike kumbuyo. Akhoza kuika duwa limodzi pa thako lililonse. Akhoza kulichepetsa dala, n'kundipatsa nthawi itatha kuti ndisowe kolowera. Bambo a Shamsa nditawauza anangoti, "Amayi inu, nkhani ya diresi yokha?" n'kutenga chipewa chawo kupita kumzikiti. Mwamuna wa nyumba ziwiri samva kalikonse, amaopa kuti akamva aweruza.

Tsiku loyesa ndinapita nditakonzeka. Ndisanalivale ndinalitembenuza, n'kukoka msoko uliwonse ndi mphamvu zanga zonse. Sunasunthe. Ndinayang'ana kumbuyo: maluwa anali kutsika m'mbali mwaulemu. Nditalivala, Mwantumu anatseka zipi n'kunditembenuzira kugalasi.

Ndinaona mayi wina wamtali, wa mapewa oongoka, wachiuno. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali ndipo ndinamukonda, sindibisa. Pomwepo mtima unati: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Galasi ili mwalipendeketsa," ndinatero.

"Mama, galasi ndi lokhomera kukhoma."

"Ndiye n'logula kwa anthu achinyengo. Tamasula m'mbalimu, uwonjezere nsalu. Ndikufuna litaye."

"Ayi, zimenezo ndiye sindichita."

"Diresi ndi langa kapena ndi lako?"

"Ndi lanu, koma ndinauzidwa kuti mukadzati ndikulitse, ndisadzakumvereni."

Anadzigwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale.

"Unauzidwa ndi ndani?"

"Mama Shamsa, ine ndi wosoka chabe."

"Ndi Zaituni eti? Wakulonjeza chiyani? Ndinakuonani pakhomo apa mukundiyeza ndi manja ngati ng'ombe yapamsika!"

"Bi Zaituni anabwera kudzayesa lawo. Zina ndilibe nazo mawu."

Ndinalikulunga diresilo, kuliponya m'jumbo, n'kutuluka osatsanzika. Mumsewu ndinkayenda ndikulankhula ndekha. Umboni ndinali nawo tsopano, ndipo chodabwitsa n'chakuti mtima unakhala ngati wapepuka. Kukayikira kumatopetsa kuposa kudziwa.

Kunyumba ndinapeza Shamsa atakhala pamkeka m'chipinda, manja ndi mapazi atatambasula kuti hina, utoto wa maluwa amene anam'jambula pakhungu, aume. Wojambula hina anali atapita, phwando linali mawa lake. Ndinakhuthula jumbo pabedi.

"Taona zomwe andikonzera mayi ako aang'ono ndi telala wako uja! Akufuna ndikalowe muholo ngati mbuzi yomanga m'chiuno, anthu akafe nazo kuseka. Mawa ndivala mkanjo wanga wa pa Idi, za yunifomu azivala okha."

"Simunalikonde?"

"Kukonda n'chiyani? Thupi ngati ili silionetsedwa, mwana iwe. Mbina iyi, mikono iyi, mimba iyi, ndi zinthu zobisa. Ukaipa dziwa nyimbo. Ine nyimbo yanga ndi kudziphimba, ndipo aliyense wofuna kuti thupi lotere lionekere pagulu ndi mdani, sandifunira zabwino."

Shamsa anali kuyang'ana manja ake.

"Ndine ndinamuuza Mwantumu," anatero.

Ndinaseka, poganiza kuti akuikira kumbuyo Zaituni. Mwana ameneyu ali ndi mtima wofewa, akhoza kusenza mlandu wa mphaka.

"Usamubisire."

"Sindikubisira munthu. Mama mdogo Zaituni sakudziwapo kanthu. Ndinapita ndekha, ndinamuuza kuti akusokereni ngati langa. Langa ndi lofiira, koma kadulidwe n'kamodzi." Anakweza mutu. "Mama, tandiyang'anani. Ine ndinatengera ndani?"

Ndinamuyang'ana. Mwana ndinam'bereka ndekha, ndinam'sambitsa, koma tsiku limenelo ndinachita ngati ndikumuona koyamba. Mapewa anali anga. Mikono yonenepa ija, imene anaitambasula ndi maluwa a hina, inali yanga. Mmene anadzazira pamkeka paja ndi mmene ndimadzazira ine.

"Iwe ndi wina," ndinatero. "Iwe ndi mwana, ndiwe wokongola."

"Wokongola bwanji, poti mwangonena kumene kuti thupi lotere n'lobisa? Mukamadzinyoza pagalasi paja, ine ndimakhala kumbuyo kwanu ndi thupi lomwelo. Alamu anga ananena kale kuti mchimwene wawo wasankha thumba la mpunga. Ndinati zilibe kanthu, mawa mayi anga akalowa poyamba, anthu akaona kumene ndinachokera, ine ndikatsatira. Basi, mukatenga mkanjo wanu munditengerenso wina. Tikabisale tonse."

Misozi inatsika, ndipo sakanatha kuipukuta chifukwa cha hina. Ndinam'pukuta ndine ndi nsonga ya mpango wanga. Ndinamva chisoni, ndinamvanso manyazi.

Musaganize kuti kukayika kunathera pomwepo. M'mawa mwake ndinakokanso misoko ija. Ndinadzifunsa ngati Zaituni sanamunyengerere mwanayo mochenjera, iye osazindikira. Diresi ndinalivala, koma mkanjo wa pa Idi ndinaupinda n'kuuika m'chikwama, poti kuholo kuli chimbudzi chosinthiramo.

Titafika, ng'oma zinali zitayamba, fungo la zofukiza za udi ndi la pilau lili thoo. Shamsa anam'lowetsa kukhomo lakumbuyo, m'kachipinda kotchinga ndi katani, kuti adikire nthawi yake. Pakhomo lalikulu, wolandira alendo anali Zaituni, m'kadiresi kake kobiriwira. Kanamukhala bwino, mfiti ameneyu.

"Dada, mkulu wanga, takulandirani! Bweretsani baibui ndikusungireni."

Anatambasula manja akumwetulira. Kumbuyo kwake amayi anali atadzaza mipando, onse obiriwira, ndipo mitu inayamba kutembenuka umodziumodzi. Kutsogolo kunakhala alamu ake a Shamsa, milomo itapakidwa kale zonena. Chimbudzi chinali pafupi, kudzanja lamanzere. Ndinagwira chikwama changa mwamphamvu.

Kenaka ndinaona katani ya kachipinda kaja ikusuntha pang'ono. Panali kampata kokwana diso limodzi.

Ndinamasula baibui, ndinalivula, n'kuliika m'manja mwa Zaituni pamodzi ndi chikwama chomwe.

Muholo munachita ngati mwadutsa mphepo. Kuseka kunalipo, sindinama. Kunachokera kutsogolo kuja, kamodzi, kofupika, ndipo kunandilasa penipeni pomwe ndinkaopa. Miyendo inafuna kubwerera. Koma ndinaongola msana, ndinakweza chibwano, n'kuyamba kuyenda pakati pa mipando pang'onopang'ono, ngati holoyo anamanga ndi bambo anga. Mbina inkayenda mmene imayendera, ndipo sindinaipepesere kwa munthu.

Kumbuyo kwanga wina anaimba nthungululu yaitali. Anali Zaituni. Mpaka lero sindidziwa ngati inali yochokera pansi pa mtima kapena yobisira kuseka, ndipo ndikamuona ndimamuyang'anitsitsabe. Koma amayi ena anailandira, oimba ng'oma anakweza, ndipo mayi wina wa ku Chumbageni, wonenepa kundiposa, anadzuka m'hema yake n'kufuula kuti, "Mama Shamsa, chiuno chimenechi munkachisungira ndani?"

Ndinafika kutsogolo, ndinaima pamaso pa alamu aja, n'kutembenukira kukachipinda.

Nthawi ya mkwatibwi itakwana, katani inatseguka. Azakhali ake anali atam'funditsa nsalu ya kanga pamapewa monga mwa mwambo, kuti akam'vundukule pampando. Shamsa anaima pakhomo, nandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Kenaka anagwedeza mapewa, kanga ija inagwa pansi, ndipo sanaitole. Anabwera m'diresi lake lofiira, msana uli chilili, chibwano m'mwamba, akuyenda pang'onopang'ono ndendende mmene ndinayendera ine. Ndinalira pamaso pa anthu onsewo, wanja wakuda wopaka m'maso n'kuyenderera m'masaya, ndipo sindinafune kanthu kodziphimba nako.