Kapu ya Shuga Imene Alamu Anataya

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, amuna anga, Che Ayuba, ankadzibaya jakisoni wa insulini tsiku lililonse chifukwa cha matenda a shuga. Anamwino anandiuza momveka bwino kuti bambowa akabaya azidya mokwanira, ndipo akayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta ndiziwamwetsa shuga msanga, poti shuga amakhala watsika m'thupi.

Ramadani itafika anakana kusiya kusala. Tsiku lina m'bandakucha anabaya, nadya pang'ono poti nsomba kunalibe, kenako anapita kudimba. Masana anzawo anawabweretsa pa njinga, thukuta lili kamukamu, mawu osamveka.

Ndinasungunula shuga m'kapu n'kuthamanga nayo. Akulu awo, Che Hussein, anandigwira mkono.

"Mlamu, munthu akudwala shuga, inu mukumumwetsa shuga? Ali pa kusala? Mukufuna kumumaliza?"

Ndinawauza zimene ananena anamwino, ndinakuwa, ndinawatukwana anthu akuona. Alamuwo anangolanda kapuyo n'kukhuthulira pafumbi.

Amuna anga anamwalira tili m'njira yopita kuchipatala, tisanafike n'komwe pa msewu wa ku Zomba.

Mpaka lero Che Hussein amauza anthu pamsika kuti anandipezerera ndikufuna kupha mng'ono wawo.