Mbuzi za ba Mwape

Kuseri kwa msika wa Chongwe, Dailes anali ndi kanyumba kosindikiziramo mabuku, ndipo buku lililonse ankayamba walipempherera asanalikhudze ndi cholembera chofiira. Tsiku lina a Abson, dikoni wa ku Palabana, anafika panjinga atamangirira mtolo wa ndakatulo kumbuyo.

"Izi ananipasa ni Mzimu," anatero a Abson, Dailes atangopempherera mtolowo n'kunena ameni. "Musachosemo liu olo limozi."

Dailes anayamba kuwerenga. Munali angelo, zipata zagolide ndi aleluya tsamba ndi tsamba, mpaka tulo tinayamba kumuba. Koma chakumapeto anapeza ndakatulo yokalipira mbuzi za a Mwape, mnansi wa a Abson, zimene zinawadyera chimanga chitangomasula ngaiyaye. Anaseka mpaka misozi.

"Ba dikoni, kansi Mzimu nawo unakwiya na mbuzi za ba Mwape?"

A Abson anazolika, akupotokola chipewa m'manja. "Iyo yeka ninalemba neka. Ingachoke."

"Iyayi," anatero Dailes akupukuta m'maso. "Apa peka ni pamene Mzimu unakufikani. Bwelelani ku Palabana, mukapemphele kuti mbuzi zija zibwelenso."