Nsalu ya Kushedi

Tendai wanga analira milungu isanu osapuma, kuyambira tsiku limene ndinabwerera kushedi kukasankha fodya. Lachisanu a Bauleni, foromani wathu, anandiuza mosabisa kuti Lolemba mwana akadzaliranso, ntchito yatha. Ndipo papulazi pano ntchito ikatha, nyumba ya kukomboni nayo yapita.

Mankhwala ndiye aliyense anali nawo. Apongozi anga anamuthowa pamimba ndi madzi ofunda. A Selestina akukwaya anamusisita paliwombo ndi mafuta mpaka mutu kuwala ngati poto watsopano. Ine msana ukundiwawa, tulo osaluona, koma anthu akungondifunsa ngati mkaka wanga uli bwino. Zinkandinyansa zedi.

Loweruka ndinakwera kombi kupita ku Guruve kwa asisitala Idah, amene amaphunzitsa amayi kusisita makanda. Anandionetsa kumugoneka chafufumimba pamkono, kenaka kumupinda timiyendo pang'onopang'ono. Ine anandiwongola msana. Tendai anakhala duu, mpaka kumwetulira. Mumtima ndinati basi, ntchito yanga yapulumuka.

Nditangomubereka n'kumanga nsalu, anayamba kuyetsemula, kenaka kulira kuja.

Asisitala anamumasula n'kununkhiza nsaluyo. "Maiwe, Mai Tendai! Nsalu iyi mumapita nayo kushedi?"

"Ee, ndi imodzi yomweyi. Akagona ndimamuyalira pa belo la fodya."

Anamuvula kamalaya. M'khosi ndi m'khwapa munali psuu, totupa tokhatokha. Linali fumbi la fodya. Ine ndinakulira m'fumbi limeneli, amayi anga ankandigoneka pa mabelo omwewa, ndiye mphuno zanga zinasiya kalekale kulimva.

"Muzimusisita monga ndakuonetserani, zimathandiza," anatero. "Koma kushedi mwanayu asalowenso. Hapana zvimwe, palibenso njira ina."

Anandibwereka chitenje chawo chochapa. Lamulungu lonse Tendai anagona ngati mwana wa bwana, apongozi n'kumauza aliyense kuti kuthowa kwawo kwagwira ntchito. Koma ine mtima unali kwina. Iwo amalawirira kumunda, a Selestina chimodzimodzi, masana komboni imatsala ndi nkhuku zokha. Mwanayo ndikanamusiya ndi yani?

Lolemba belu litalira ndinaima pakhomo pa shedi, mwana ali mtulo kumsana. A Bauleni anasekerera. "Waona, watonthola! Lowa, Enifa, malo ako ndi awo."

Ndinayang'ana fumbi likuuluka mkatimo, ndinamvanso kampweya ka Tendai pakhosi panga. Ndinamanga chitenje chija molimba, n'kubwerera kukomboni kukalongedza katundu.