Chigoba Chopanda Kachishango

Mu mzinda wonse wa Imphal, wofuna kuphunzira kuimbira besiboli, mpira womenya ndi chibonga, ankapita kwa Sanahanbi. Anali mphunzitsi wa masewero pa sukulu ya atsikana, ndipo bondo lisanamuvute anasewera zaka zambiri ngati wowakha, uja amanyonyomala kumbuyo kwa womenya mpira. Lamulungu m'mawa ankasonkhanitsa ophunzira ake pa bwalo la kuseri kwa sukuluyo: aphunzitsi anzake, wapolisi mmodzi, amayi awiri ogulitsa nsalu kumsika. Panalibe malipiro. Munthu akaimbira mpira ankangopatsidwa tiyi ndi mbale ya mpunga.

Kaphunzitsidwe kake kanali kowawa. Ankamuveka munthu chigoba chazitsulo kumaso, chotchinga pachifuwa ndi zotchinga misongolo, n'kuyamba kumugenda kumaso ndi mipira yofewa. Wophethira ankayambiranso.

"Chibwano pansi, maso pa mpira," ankatero. "Wovulala ndi amene wathawitsa mutu."

Panali lamulo limodzi lomwe sankalinyengerera. Pansi pa chigoba pamalendewera kachishango ka pulasitiki, kakukula ngati chikhatho, kotchinga kholingo. Wowakha wopanda kachishango sankaloledwa kusewera, ndipo woimbira wopanda kachishango sankaloledwa kuima kumbuyo kwake. Wapolisi uja anabwezedwapo kunyumba pamaso pa anthu chifukwa choiwala kake.

Mlamu wake Nilamani, mwamuna wa mng'ono wake Ibeyaima, anali woimba. Pa maukwati ndi pa miyambo ya maliro ndiye ankatsogolera nyimbo, atavala zoyera ndi nduwira kumutu, anzake akuimba ng'oma ndi kuwombanitsa tizitsulo ta m'manja. Banja lake linkadya mawu akewo. Sanahanbi ndiye anamukopa kuti abwere ku bwalo.

"Alamu, mawu onsewa mukungowathera pa akufa. Bwerani mudzafuulireko amoyo."

"Akufa ndi abwino, alamu, ndikalakwitsa sadandaula," anayankha Nilamani. "Atsikana anu aja ali ndi zibonga m'manja."

Koma anabwera, ndipo anaukonda mpirawo. Malamulo ankawaloweza ngati nyimbo. Akafuula kuti wothamanga watuluka, ogulitsa tiyi kunja kwa mpanda ankatembenuka. Kwa miyezi ingapo anaimbira pa ngodya za bwalo, kumene mpira sufika mwaukali. Kumbuyo kwa wowakha anali ataimako poyeserera pokha.

Mvula itatha, kunakonzedwa mpira waukulu wa atsikana. Kunabwera akuluakulu odzasankha timu ya chigawo yopita ku mpikisano wa ku Punjab. Mwana wa Sanahanbi, Langlen, anali wowakha wa timu imodzi, ndipo msinkhu wake unali woti akaphonya chaka chimenecho, mwayi wapita.

Mpira uli pafupi kuyamba, Langlen anapeza mayi ake m'kachipinda kosungira zida, chigoba chili m'manja.

"Amayi, kachishango kanga kulibe. Mwina kagwa m'basi."

Sanahanbi anafufuza m'matumba onse, osapeza kena. Anayang'ana mwana wake. Kenako anatenga chigoba cha woimbira, chomwe ankayenera kuvala iye mwini, n'kumasula kachishango kake. Anakamanga pa chigoba cha Langlen ndi chingwe chake chofiira chomwecho.

"Pita ukatenthetse thupi. Ine ndaima pamenepo zaka zambiri, ndikudziwa kobisa khosi."

Atatuluka, mkulu wa bungwe la masewerowo anamuitanira pambali. Anamuuza kuti osankha timu sanakondwe kumva kuti woimbira kumbuyo ndi mayi wa wosewera. Iye apite pa ngodya yoyamba, kumbuyo kuime Nilamani.

Nilamani anasangalala ngati mwana. Anavala chotchinga pachifuwa mozondoka, anthu n'kumuseka, iye n'kuseka nawo. Atatenga chigoba, anachitembenuza m'manja.

"Alamu, kachishango kaja kali kuti?"

Atsikana anali atafola kale pa mzere. Osankha timu anali atakhala pa mipando, mmodzi akuyang'ana wotchi. Sanahanbi anadziwa kuti akanena zoona, kachishangoko kachoka pa chigoba cha Langlen.

"Ichi n'chamtundu wina, n'chachitali kumunsiku," anatero. "Sichifuna kachishango. Mungotsitsa chibwano."

"Mwanena ndinu aphunzitsi," anatero Nilamani, n'kuchivala.

Anaimbira bwino. Ngakhale womenya akatsutsa, iye sankagwedezeka. Sanahanbi ali pa ngodya yake sankaona za othamanga, maso anali pa khosi la mlamu wake, lomwe linkaonekera pansi pa zitsulo. Anaganiza kuti matimu akamasinthana apita kukamuuza kuti apume. Anasinthana koyamba, iye sanapite. Anasinthana kachiwiri, anati adikire Langlen amenye kaye.

Mpira uli chapakati, woponya anaponya mwamphamvu, womenya anangoukhudza ndi nsonga ya chibonga. Mpira unapatuka pang'ono, n'kudutsa pamwamba pa dzanja la Langlen. Nilamani anagwada, kenako anagwa chammbali, manja ali pakhosi, kukamwa kuli yasa koma osatuluka mawu. Anamunyamulira m'galimoto ya mmodzi wa osankha timu aja.

Ku chipatala dokotala anati kholingo lasweka. Moyo anapulumuka, koma za mawu anati aona m'tsogolo. Pa khonde panadzaza anthu a mpira ndi anzake oimba. Wapolisi uja ndiye anayamba kunena kuti mwina Nilamani anadzutsa mutu, monga amachitira ophunzira onse. Onse anatembenukira kwa Sanahanbi.

"Munali pafupi, achemwali," anatero Ibeyaima, maso atatupa. "Chinachitika n'chiyani?"

"Zinachitika mofulumira," anayankha Sanahanbi. "Mwina anadzutsadi chibwano."

Chigoba chija anali atachiika kale pansi penipeni pa thumba lake, ndipo palibe anafunsa za icho.

Masiku otsatira ankapita ku chipatala asanalowe m'kalasi, atanyamula phala la mpunga ndi msuzi wa nsomba wosatsira tsabola. Ankachapa zovala za ana a mng'ono wake, n'kuwaperekeza ku sukulu pa njinga yake yamoto. Anthu ankamuyamikira kuti ndi mlamu wa mtima wabwino, ndipo akamva mawu amenewo chakudya chinkamukanika. Tsiku lomwe Nilamani anayamba kunong'ona, anamukodola kuti asendere pafupi.

"Pepani alamu," anatero, mawu akuchita kukwekwereza. "Ndakuchititsani manyazi pamaso pa alendo."

Sanahanbi anamukonzera pilo, n'kunena kuti asalankhule, dokotala waletsa.

Maina a timu ya chigawo atatuluka, la Langlen linalipo. Anzake anabwera kudzamukumbatira, iye anangomwetulira pang'ono. Madzulo ake mayi ndi mwana anakhala pa khonde akusadzula masamba a mpiru. Langlen anasiya mpeni.

"Amayi, abambo aang'ono sanadzutse mutu."

"Unali utawafulatira. Ukanaona bwanji?"

"Sindinaone. Koma ndikudziwa chomwe chinali pakhosi panga." Analowa m'nyumba, n'kubwera ndi kachishango kaja, chingwe chofiira chikulendewera, n'kukaika pa masamba. "Ine ku Punjab sindipita."

"Upita. Iwe sunalakwe kanthu."

"Ndiye walakwa ndani? Anthu akuti alakwa ndi iwowo."

Sanahanbi anakweza mawu, namuuza kuti zonsezi anachitira iyeyo, kuti mwana sayankha mayi ake chonchi. Langlen anatola mpeni n'kupitiriza kusadzula. Kachishangoko kanakhala pamenepo mpaka Sanahanbi anakachotsa yekha kuti atsuke masamba.

Patapita milungu, kunali mwambo wokumbukira mayi wina wachikulire wa m'dera lawo amene anamwalira, ndipo Sanahanbi anapita. Gulu la Nilamani ndilo linkaimba. Kutsogolo kunali mnyamata wina wa mawu opyapyala. Nilamani anali kumapeto kwa mzere, atavala zoyera zake, akuwombanitsa tizitsulo. Nyimbo ikafika pokwera, milomo yake inkatsegula yokha, kenako n'kutseka. Amayi awiri amene anakhala kutsogolo kwa Sanahanbi ankanong'onezana.

"Munthu wamkulumkulu kukasewera ndi ana. Taonani tsopano."

"Akuti anachita mantha ndi mpira."

Sanahanbi sanadikire chakudya. Mawa lake masana anapita kwa mng'ono wake. Anapeza Ibeyaima akuomba nsalu pa khonde, ntchito yomwe anali ataisiya kalekale. Nilamani anali pa mkeka akumwa madzi otentha a jinja. Anamupatsa mpando, koma iye anakhala pansi.

Anafotokoza zonse motsatana, kuyambira m'kachipinda ka zida mpaka pa khonde la chipatala. Sanawonjezere chodzikhululukira. Chowombera nsalu chinasiya kulira.

Nilamani anazunguza kapu m'manja.

"Ndinakufunsani, alamu."

"Munandifunsa."

"Munati sichifuna."

"Ndinanama."

Anatsokomola, n'kumwa madzi pang'ono kuti mawu atuluke. "Mukanandiuza kuti kachishango kali kwa Langlen, mwina ndikanavalabe chigobacho. Ndi mwana wanganso uja. Koma ndikanadziwa. Masiku onsewa ndikagona ndimauonanso mpira uja, kufunafuna pamene ndinadzutsira mutu, osapapeza."

Ibeyaima anadzuka pa chowombera. Sanakalipe. Analankhula motsitsa, ngati akuopa kuti anansi amva.

"Achemwali, munkandibweretsera phala m'mawa uliwonse. Ine n'kumauza anthu kuti Mulungu anandipatsa mkulu wanga. Amuna anga ndinawakalipira ali pa bedi, kuti ndi opusa, anataya chakudya cha ana chifukwa cha masewero. Inu muli pomwepo, mukupinda bulangete."

"Ibeyaima, ndithandiza pa ana, chilichonse chomwe..."

"Dzukani muzipita. Ana anga ndiwaperekeza ndekha."

Lamulungu lotsatira Sanahanbi anasonkhanitsa ophunzira ake ndi mkulu wa bungwe pa bwalo, n'kuwauza zomwezo. Wapolisi uja anavula chipewa, n'kuyang'ana pansi, pokumbukira kuti mawu a chibwano anayamba ndi iye. A bungwe anamuimitsa Sanahanbi kuimbira ndi kuphunzitsa oimbira kwa chaka. Ena ankati chilangocho n'chochepa, ena ankati mayi aliyense akanachita chimodzimodzi, ndipo awa ndi amene ankamupweteka kwambiri. Ophunzira ena anasiya kubwera. Otsala ankaphunzitsidwa ndi mmodzi wa amayi ogulitsa nsalu aja.

Langlen anapita kwa Nilamani kukanena kuti wasiya mpira. Zomwe anakambirana sanauze munthu, koma atabwerako anayamba kulongedza chikwama, ndipo ku Punjab anapita. Timu yawo inagonja pa mpira wachitatu. Atabwerera, nkhani za ulendo anakafotokozera ku nyumba ya mayi ake aang'ono, kwa mayi ake anangopereka nsalu yomwe anawagulira.

Mawu a Nilamani anabwerera okwanira kulankhula, koma osati kuimba. Anayamba kuphunzitsa anyamata nyimbo kunyumba kwake, akuwawongolera ndi dzanja ndi monong'ona. Ku bwalo sanapondekonso.

Chaka chitazungulira, linafika tsiku la mwambo wa kumeneko, pamene akazi okwatiwa amaitanidwa kukadya kwa alongo awo. Sanahanbi anafika molawirira kwa mlongo wawo wamkulu, ndipo anali pa chipata pamene Nilamani anabweretsa mkazi wake pa njinga yamoto. Ibeyaima anatsika, n'kumudutsa ngati sanamuone. Nilamani sanazimitse njinga.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

"Ndaswera, kaya inu alamu?"

"Tilipo. Bondo lija likukuvutanibe?"

"Kukazizira."

"Muzilithowa ndi madzi a mchere," anatero. Anakhala ngati akufuna kuwonjezera mawu ena, koma anatembenuza njinga n'kumapita.

M'nyumba, mlongo wawo anali atayala masamba a nthochi a alongo ake awiri moyandikana, monga ankachitira chaka chilichonse. Ibeyaima anakoka tsamba lake n'kulisendeza kufupi ndi khomo. Anadya osalankhulana, mlongo wawo akuyesa nthabwala zomwe palibe anaseka. Mbale ya nsomba itafika kwa Ibeyaima, anatapa yake, n'kuikankhira kwa mkulu wake osamuyang'ana. Sanahanbi anatapa kachidutswa ka kumchira, koma kanakhala pa tsamba mpaka anthu anasamba m'manja.