Njira Yodzera kwa Ba Sophia

Bokosi la atate ake litangolowa m'galimoto ya maliro pa tchalitchi cha ku Matero, Obed analengeza kuti atsogolera ndi iye. Palibe anatsutsa. Anali mwana woyamba, ndipo anali atabwera kuchokera ku Kitwe ndi galimoto yake komanso suti yonunkhira sitolo.

Ulendo unali wa kumanda a Chingwere, koma banja linali litagwirizana chinthu chimodzi: maliro adzere mu komboni ya George, pakhomo pa Ba Sophia, alongo awo a malemu. Mayiwa miyendo inafa chaka chatha. M'mawa anthu asananyamuke anawakhazika pampando m'mbali mwa msewu, kuti aone mlongo wawo akudutsa komaliza.

Vuto linali lakuti Obed njirayo anali ataiiwala. Zaka khumi ndi ziwiri si masewera. Pomwe ankasewera mpira panali nyumba zothithikana, pomwe panali mtengo wa mango panali bala yomwera mowa. Pambali pake panakhala amalume ake, Ba Dyton, omwe anayamba kukankha wilibala m'tinjira ta George iye asanamere mano. Kufunsa kunali kwaulere. Koma munthu wa suti angafunse bwanji njira ya kwawo? Analemba dzina la komboni pa mapu a pafoni, n'kuipachika pagalasi.

"Pa mupope paja ukhotele ku manja," anatero Ba Dyton. "Ndiye ya pafupi."

"Foni ikamba ati kuja kuli jamu ya mamotoka, ba malume. Tizangena kusogolo."

"Iyo foni inabadwila mu George?"

Obed anaseka kaseko ka m'mphuno, n'kuudutsa mpopewo. Galimoto ya maliro inatsatira, ndi lole ya amayi a kwaya, ndi maminibasi awiri. Mzimayi wolozera njira m'foniyo ankalankhula modekha ngati mwini dera. Anati kumanzere, Obed anakhota. Anati kumanja, anakhotanso. Kenako mabampu anatha, matayala anagwira tara, ndipo mzimayi uja anati afika. Anali kumapeto ena a George, pamsewu wopita kumanda, pakhomo pa Ba Sophia atapalambalala.

Obed anaponda buleki. "Lekani nibwelele, ba malume. Ni mamineti chabe."

"Maliro sabwelela kumbuyo," anatero Ba Dyton osamuyang'ana. "Ufuna abwelele akatenge ndani? Tiye."

Kumanda zonse zinayenda bwino, ndipo izi n'zomwe zinamupweteka kwambiri. Palibe anamukalipira. Atamuitana kuti aike nkhata ya maluwa, amayi a kwaya anangotsitsa mawu pang'ono, wina n'kukodola mnzake. Obed anachita manyazi mpaka kulakalaka kuti dzenjelo likanakula pang'ono. Anaganiza zonena kuti foni ndiyo yalakwa, koma ngakhale iye mwini bodzalo linamununkha.

Anthu akubalalika, Ba Dyton anamugwira pamkono. "Kulibe wamene azabauza Ba Sophia. Ni iwe."

Galimoto anaisiya pa mpope paja. Ba Dyton anatsogola wapansi, kudzera kuseri kwa chigayo, kulumpha ngalande, kupinda pa mpanda wa malata. Mphindi zinayi zokha. Obed anaziwerenga, mtima ukumuwawa.

Dzuwa linali litapendeka, mthunzi utathawa pomwe anawakhazika m'mawa. Ba Sophia anali pomwepo, atavala duku lakuda ndi nsapato za ku tchalitchi zomwe mapazi awo sanathenso kuyendera. Mayi wina wapafupi anali atawabweretsera madzi m'kapu, koma sanawamwe, poopa kuti angafune kulowa m'nyumba maliro n'kudutsa.

Atamuona, nkhope yawo inawala.

"Obed mwana wanga! Wakula, wafanana na batate bako. Mwachedwa maningi, ba abusa banatalikisa?"

Obed anagwada m'fumbi, ndi suti yomwe. Anacheukira amalume ake, koma iwo anali atavula chipewa, maso ali pansi.

Ba Sophia anakonza duku lawo, n'kudzikoka ndi manja kuti akhale mowongoka.

"Sendela pang'ono, mwana wanga," anatero, akusuzumira kumsewu kuseri kwa phewa lake. "Uzanibisila motoka."