Tepi ya Pati Thu

Enerst anali atatulutsa kale bedi ndi njinga panja pamene analowa m'chisakasa cha vidiyo kuseri kwa nyumba, n'kupeza anthu ali phee pa mabenchi.

"Zimitsani izi. Galimoto ili m'njira."

Zipora anangomuyang'ana mlamu wakeyo. Panali patangotha sabata ziwiri chiikire mwamuna wake Yohane ku Ntcheu, ndipo abale anagamula kuti katundu wa malemu apite kumudzi, ngakhale sikirini ndi deki zimene zinkadyetsa Zipora ndi ana awiri kuno ku Kawale. Iye sanakane, sanalirenso. Chichokere kumanda mtima wake unali utangouma. M'mawa umenewo anatsegula chisakasa chifukwa choti manja anazolowera, n'kuponya m'deki tepi yoyamba imene anaigwira, yolembedwa PATI 2 ndi dzanja la Yohane.

"Aa, achimwene, mwatipeza pakati," anatero a Gwanda, telala wa pamsika amene ankasiya makina ali pululu akamva kuti kuli filimu ya mizukwa. "Galimotoyo sinafike. Khalani pansi muopeko kaye."

Enerst anasuzumira kumsewu, kenako anakhala pa nsonga ya benchi.

Pa sikirini panali nyumba ya azungu, mvula ikugwa, chitseko chikugogodedwa. A Gwanda, amene pakamwa pawo sipankatsekeka ngakhale m'tchalitchi, anayamba kuweruza mlandu.

"Pati wani ndiye inali moto. Mzukwa sunkaoneka, kumangomveka go go go pachitseko, ife kuno miyendo lende. Koma iyi afulumira kutionetsa nkhope. Taonani! Ameneyu ndi mzukwa kapena munthu wochokera kuchigayo?"

Anthu anaseka. Mayi Elube, ogulitsa tomato, anakana.

"Inu a Gwanda, musanyoze zonse. Paja mwana anatsegula chitseko n'kupeza nsapato za bambo ake zili zonyowa, munthu palibe, simunagwire dzanja langa inu?"

"Pamenepo pokha anakhoza, ndi kanyimbo kake kaja. Koma nkhani ndi yomweyija, angosintha nyumba. Ndiponso azungu sachenjera. Anzako anathera pachitseko mu pati wani, iwe n'kumatsegulabe?"

Zipora ankamva zonsezi ngati zikuchokera kwa aneba. Mafilimu iye sankaonera. Ntchito yake inali kukhala pakhomo ndi beseni la mandasi, za matepi zinali za Yohane. Maso ake anali pa deki, pa kabatani kamene kanafufutika ndi chala cha mwamuna wake.

Mzukwa unapsa ndi moto, monga unapsera mu pati wani, mayina a ochita sewero n'kuyamba kukwera. Pamenepa Yohane ankathamanga kukazimitsa nthawi zonse. Zipora zimenezo sankazidziwa, choncho tepi inapitirira.

Sikirini inachita mizeremizere. Kenako panatulukira khomo la tchalitchi, dzuwa lili phwee, amayi akululutira. Pakati pawo panali Yohane, wonenepa, mu suti yobwereka yaifupi manja, akuseka mano onse pamtunda.

"Zipo, yang'ana kuno! Akutijambula!"

A Gwanda anavula chipewa.

Inali tepi ya ukwati wawo. Zipora anaifunafuna chaka chatha mpaka kutembenuza matiresi, Yohane n'kumuuza kuti mnzake wa ku Biwi anabwereka. Kani tsiku limene pati thu inafika m'tauni, mkuluyo anasowa tepi yopanda kanthu, n'kujambulira mzukwa pamwamba pa ukwati wake. Malumbiro, keke, gule wa amalume, zonse zinapita. Panatsala kamphindi kamodzi kokha ka kumapeto.

Zipora anadikira kuti akwiye. Mkwiyo sunabwere. Anangoona dzanja lake lomwe pa sikirini likukonza kolala ya Yohane, kenako chithunzi chinazima n'kutsala phokoso la shii.

Panja galimoto inaliza hutala.

Enerst anakhala kanthawi atazolika, akupukuta m'maso ndi chipewa. Kwa nthawi yoyamba chichitikire maliro, kanthu kanagwedezeka m'chifuwa mwa Zipora: mwina munthuyu asiya. Enerst anadzuka, anadina batani, tepi n'kutuluka. Anaipereka ndi manja awiri.

"Iyi ndi yanu, alamu. Sitingakulandeni, ife si anthu oipa."

Atatero anazula mawaya, anakulunga deki m'bulangete, n'kupempha amuna awiri kuti amuthandize sikirini. Anamuthandiza, maso ali pansi.

Galimoto itapita, patebulo panatsala malo awiri opanda fumbi. Zipora anaima pomwepo, tepi ili m'manja, ikadali yofunda.

"Mayi a kwathu," anatero a Gwanda motsitsa mawu, "Kasimu wa ku Biwi nayenso amaonetsa vidiyo, deki ali nayo. Koma ujeni uja satsegulira munthu mmodzi. Angaiike ngati filimu ya tsikulo, anthu aonere kuyambira poyamba."

Zipora anaganizira za benchi ya eni, anthu osawadziwa akuseka munthu wodzola ufa kwa ola limodzi ndi theka, iye akudikira kamphindi kake. Anamanga tepi ija pa nsonga ya chitenje.

"Amatsegula nthawi yanji?" anafunsa.