Nsomba ya Nthunzi ya Malemu Mayi

Mzime anavundukula poto kachitatu, nthunzi n'kumuphimba magalasi. Nsomba inali isanapse. Anavindikiranso msanga n'kusuzumira pabalaza, pomwe bambo ake anakhala atafunda bulangete, maso ali pa TV yosayatsa.

Chitulukireni m'chipatala, bambowo ankangojompha chakudya ngati mbalame. Dokotala anawaletsa zokazinga ndi mchere wambiri, ndiye chilichonse chimene Mzime waphika ankachikankhira pambali, ati zimenezo n'za odwala. Thalauza linayamba kuwakhwepa. Madzulo amenewo Mzime anaganiza zoyesa nsomba imene malemu mayi ake ankaphika Lamlungu. Ali mtsikana, mayiwo anagwirapo ntchito m'khitchini ya lesitilanti ya anthu a ku Japan, ndipo anachokako ndi kaphikidwe kamodzi kokha: nsomba yophika ndi nthunzi, ya jinja ndi madontho ochepa a sosi wa soya, pambali mpunga ndi nkhaka zothira viniga. Vuto linali lakuti Mzime ankangodziwa kudya. Sanaimepo pafupi n'kuonerera.

Akuti avundukulenso, anamva masilipasi akukhwekhwereza kumbuyo kwake.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero bambo ake, atagwirira chitseko. "Nsombayo ukuiphika kapena ukuizonda ngati wodwala?"

Mzime anaseka n'kuwakokera mpando. Bambowo anamufunsa pamene waika jinja, ndipo atayankha kuti wangomwaza pamwamba, anapukusa mutu. Anati mayi ake ankatema nsomba timizere m'mbali n'kulowetsamo jinjayo, wina n'kuika m'mimba.

Kenaka nkhani inangoyamba yokha. Anafotokoza za kachipinda kamene ankachita lendi kuseri kwa shopu ya telala atangokwatirana kumene. Poto anali mmodzi yekha, choncho mayiwo ankavundikira kapu pansi pa potoyo n'kusanjikapo mbale ya nsomba kuti isakhudze madzi. Tsiku loyamba, bambowo ataona nsomba ili mbuu, anafunsa ngati mafuta atha m'nyumba. Mayiwo sanawalankhule mpaka m'mawa. Lamlungu lotsatira anawagwiritsa timitengo todyera, nthuli n'kupulumuka, kugwera pathalauza la ukwati, kuchoka apo n'kupita m'kamwa mwa mphaka wa telala.

"Mphaka ameneyo ananenepa chifukwa cha ine," anatero akupukuta m'maso ndi nsonga ya bulangete.

Mzime anaika supuni pansi n'kuwayang'ana. Chichitikireni maliro, aka kanali koyamba kuti bambo ake atchule mayiwo osadukiza mawu n'kuyang'ana kumbali.

Anadyera m'khitchini momwemo, patebulo laling'ono lodulirapo masamba. Bambowo anatapa kanthuli, kutafuna pang'onopang'ono, n'kuika foloko pansi.

"Sizikufanana."

Mzime anaweramitsa mutu. Anapepesa, n'kunena kuti awaphikira kaphala.

"Ndani wanena za phala? Mayi ako anyezi wamasamba ankathira pomaliza, ndi timadzi ta ndimu. Komanso nsomba iyi yagona mufiriji, ikuchita kumveka. Koma dzanja ndi lomwelo, la kwanu."

Anatolanso foloko. Anamaliza mbali imodzi, kutembenuza nsombayo, n'kuyamba kuchotsa minga mmodzimmodzi n'kumaindandalika m'mphepete mwa mbale. Nkhaka anazidandaula kuti zawawasa, koma sanasiyeko. Atapempha mpunga wina, Mzime ananyamuka mofulumira mpaka kugunda mpando.

Mzime akutsuka mbale, bambo ake anamuuza kuti wogulitsa nsomba anamupusitsa, chifukwa nsomba yabwino amaidziwa ndi maso owala ndiponso makha ofiira. Mzime anavomera kuti iye anangoloza yaikulu.

Loweruka m'mawa, Mzime akutuluka kuchipinda, anapeza bambo ake ali pakhomo atameta ndevu, atavala jekete ndi nsapato zopolisha, chikwama cha kumsika chili pamiyendo.

"Fulumira," anatero. "Zabwino zimatha dzuwa lisanakwere."